Kuchokera ku Chifunde Kukakwera Ilala

Kwathu ndi ku Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, kufupi ndi malire a Zambia. Ndife alimi a fodya ndi chimanga, ndipo madzi aakulu amene ana athu atatu ankawadziwa ndi a mtsinje wa Luia ukasefukira m'dzinja. Tsiku lina mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka 13, anabwera kuchokera kusukulu ndi funso. Iye anati, "Kodi n'zoona kuti kuli nyanja imene munthu saona tsidya lake?" Tinamuyankha kuti n'zoona. Atafunsanso ngati ife tinaiona ndi maso athu, tinangoyang'anana, popeza tonse awiri tinali tisanapondeko. Funso limeneli ndilo linabala ulendo umene tikufuna kukusimbirani, umene tinauyenda mu Ogasiti 2023, kuchokera pakhomo pathu kukakwera sitima ya Ilala pa nyanja ya Malawi.

Kukonzekera

Tinasunga ndalama za ulendowu kwa zaka ziwiri, pang'onopang'ono, pa malonda a fodya. Anansi athu atamva, ena anatiseka ndipo ena anatilangiza mwachikondi. Iwo anati ndalama zoterezi bwenzi titagula malata kapena ng'ombe, pakuti munthu wakumudzi amayenda ulendo wautali kukakhala maliro, matenda kapena ganyu. Sitinawatsutse, chifukwa m'mawu awo munali nzeru. Tinayamba tagula feteleza ndi kusunga chimanga chokwanira kufikira masika, ndipo zotsalazo ndizo tinaziika pa ulendo. Komabe mumtima tinkadzifunsa ngati sitikuchita zachibwana.

Kukonza zikalata kunatitengera miyezi ingapo. Munthu aliyense, ngakhale mwana, anafunika pasipoti yake, ndipo tinanyamulanso zikalata zobadwira za ana. Galimoto tinabwereka kwa alamu athu, kotero tinafunika kalata yawo yotiloleza kutuluka nayo m'dziko, pamodzi ndi mabuku ake onse. Amene mukuganiza zoyenda ulendo wotere, musaiwale kalata imeneyi, ndipo musunge ndalama zapadera za inshuwalansi ndi misonkho ya galimoto pa malire alionse.

Munthu womaliza kuvomera anali agogo, amayi ake a bambo wa anawa. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati madzi alibe nthambi yogwira, ndipo anatikumbutsa nkhani imene adaimva kwa makolo awo, ya sitima ya Vipya imene idamira pa nyanja yomweyo mu 1946 ndi kupha anthu 145. Tinawafotokozera kuti Ilala yakhala ikuyenda kuyambira 1951, koma sizinawasunthe. Chimene chinawatembenuza mtima ndi njira. Atamva kuti tidzadutsa ku Zambia anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ngati ndi choncho, ndipita nawo." Sitinawafunse chifukwa chake.

Malire oyamba

Pa nthawi imeneyo Ilala inkanyamuka pa doko la Monkey Bay Lachisanu m'mawa, kamodzi kokha pa sabata. Kuiphonya kunali kutaya zonse, popeza tinalibe ndalama zodikirira sabata ina. Choncho tinanyamuka Lachitatu tambala woyamba atalira, titapemphera pabwalo. Cholinga chinali kukagona kwa achibale ku Lilongwe, kuti Lachinayi tikafike kunyanja dzuwa lisanapendeke. Kumbuyo kwa galimoto kunali kamba wa paulendo: nkhuku ziwiri zokazinga, mbatata zophika, mtedza, chigumu ndi chigubu cha thobwa.

Dzuwa limatuluka tili pa Cassacatiza, pamene msewu waukulu wochokera mumzinda wa Tete umathera. Tsidya lake ndi Chanida, m'dziko la Zambia. Magalimoto akuluakulu a katundu anali atandandalika m'mbali mwa msewu, ndipo osintha ndalama anatizungulira. Ana anaimirira pamzere mapasipoti awo atsopano ali m'manja ngati mazira. Chidindo chitagunda, mwana wathu wachiwiri, mnyamata wa zaka 10, anayang'ana uku ndi uku nati, "Ababa, Zambia ndi yomweyi? Nanga bwanji mitengo yake ndi yomwe ija?" Anadabwanso kumva amayi ogulitsa nthochi akuyankhula chiyankhulo chathu chomwe. Kusukulu ana athu amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo zikwangwani za kuno zinali m'Chingerezi, koma pogula ndi popereka moni panalibe wosowa womasulira.

Kuchokera pa Chanida tinayenda makilomita oposa 50 kufika pa Katete. Tinawauza ana kuti kufupi ndi pamenepa kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Mafumu akwathu nawonso amapita. Malire amene tinali titangodutsa adalembedwa ndi Apwitikizi ndi Angerezi mu 1891, ndipo adadula pakati mtundu umodzi. Ana anamvetsera mwaulemu, koma chidwi chawo chinali pa zitumbuwa. Agogo okha ndiwo anali maso pawindo, osayankhula kanthu.

Usiku wa kwa eni

Titakhota kulowera kum'mawa pa msewu wa ku Chipata, tisanapite patali, kunamveka phokoso kutsogolo ndipo utsi unayamba kutuluka. Lamba wa injini anali ataduka, ndipo injini inatentha kwambiri tisanazindikire. Tinakankhira galimoto pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi kamudzi kena. Mnyamata wina wa njinga yamoto anakatitengera makaniko, amene atayang'ana anapukusa mutu. Lambayo sanali yekha, pampu ya madzi nayonso inali itaonongeka, ndipo ina ikanapezeka ku Chipata kokha. Anatenga ndalama zathu masana, nalonjeza kubwera dzuwa lisanalowe. Dzuwa linalowa iye osaoneka, ndipo foni yake inali yosapezeka.

Tinakhala m'mbali mwa msewu mitima ili m'mwamba. Mawu a anansi aja anayamba kutibwerera. Mzime wathu, mtsikana wa zaka 6, ankalira kuti sitima itisiya. Pamenepo mayi wina wachikulire anatuluka m'kamudzi kaja, nagwada pafupi ndi agogo ndi kuwapatsa moni. Anafunsana za kumene achokera ndi za mafunda awo, ndipo zitadziwika kuti onse ndi a Naphiri, mayiyo anawomba m'manja nati, "Ndiye mbale wanga agone pamsewu ine ndilipo? Tiyeni kunyumba."

Anatiyalira mphasa m'nyumba ya mwana wawo, natiphikira nsima ya ndiwo za nkhwani wotendera. Ife tinatulutsa nkhuku imodzi ija ndipo tinadyera pamodzi. Titakhala pamoto, mayi uja anati, "Anthu a ku Mozambique tinawalandira ambiri kuno nthawi ya nkhondo. Ankafika mapazi atatupa." Agogo anayang'ana moto kwa nthawi, kenaka anayamba kuyankhula zimene adzukulu awo anali asanamvepo.

Anasimba za 1986, pamene nkhondo ya pachiweniweni idafika m'midzi yathu. Adathawa usiku, mwana wa zaka zinayi akumukoka padzanja, wina wakhanda ali kumbuyo. Adayenda m'tchire masiku anayi, masana kubisala, usiku kuyenda. Panalibe pasipoti kapena chidindo, ndipo sadadziwe n'komwe pamene adadutsa malire. Adazindikira kuti ali ku Zambia pamene anthu a m'mudzi wina adawapatsa phala. Khanda lija lidamwalira patapita masiku awiri, ndipo eni mudzi adaliika m'manda a makolo awo. Pambuyo pake iwo adatengedwa kupita kumalo a othawa nkhondo ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo iwo adabwerera kwawo mu 1994. Kuyambira pamenepo anali asanapondenso m'dziko la Zambia.

Wachisamba wathu anafunsa motsitsa mawu, "Agogo, mwana wa zaka zinayi uja ndi ababa?" Agogo anavomera ndi mutu. "Ndiye tili ndi azakhali ogona kuno?" Anavomeranso. Dzina la mudziwo adaliiwala, ndipo sangathe kulondola njira yake. Ankangofuna kudutsanso m'dzikolo masana, ali pa msewu, akuona. Ife makolo tinachita manyazi kuti ana athu anakula mpaka pamenepa osadziwa mbiri ya banja lawo. Pakhomo timakhala otanganidwa ndi munda ndi zigafa, ndipo nkhani zoterezi timazikankhira mawa. Zinatengera lamba woduka kuti tikhale pansi pamodzi.

Tsiku la liwiro

Makaniko uja anafika Lachinayi m'mawa, chitsulo chili m'manja. Sanali wakuba monga tinamuganizira usiku wonse. Anapeza sitolo itatsekedwa, foni inatha moto, ndipo anagona ku Chipata kudikira kuti kuche. Tinamupepesa m'mitima mwathu. Pofika 11 koloko injini inalira. Mayi wotilandira uja anakana ndalama, koma analandira chitenje chimene mayi wa anawa anamupatsa, ndipo iye anatiponyera thumba la mtedza m'galimoto.

Tsopano ulendo wa masiku awiri unayenera kutha tsiku limodzi. Tinadutsa Mtenguleni, kumene Angoni a Mpezeni amachitira mwambo wa Nc'wala mu Febuluwale, ndipo pa Chipata tinangoima kuthira mafuta. Pa malire a Mwami ndi Mchinji tinathandizidwa ndi nyumba yatsopano imene idatsegulidwa mu Disembala 2022, mmene akuluakulu a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamalo amodzi. Ana anasokonezeka ndi ndalama. M'thumba munali metikali ya kwathu, kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi, ndipo mnyamata wathu sanamvetse kuti ndalama ziwiri za dzina limodzi zingasiyane mphamvu chotero.

Kuchokera ku Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100. Achibale amene anatidikira dzulo lake tinangowapatsa moni pamsewu, iwo natipatsira mabanzi pawindo. Kuyenda ndi ana kuli ndi malamulo ake. Sungawauze kuti chikhodzodzo chidikire sitima. Mzime anasanza kawiri, awiri aakuluwo anakanganirana windo, ndipo funso lakuti "tafika?" tinalimva kosawerengeka. Chimene chinatithandiza ndi kuwapatsa ntchito. Wamkulu ankalemba m'kope dzina la malo alionse, wachiwiri ankawerenga milatho, ndipo wamng'ono ankayang'anira kuti agogo asagone.

Pa msewu wa ku Dedza tinawaonetsa njira yopatukira ku Nkhoma, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika mu 1896 atayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Phiri lake linkaoneka kumanzere, dzuwa la madzulo likuliwalira. Titapitirira Dedza kunazizira, ndipo tinauza ana kuti minda imene akuiona kudzanja lamanja ili ku Angónia, m'chigawo chathu chomwe cha Tete. Mnyamata uja anadandaula kuti, "Tayenda masiku awiri, tadutsa malire awiri, n'kupezekanso kwathu?" Tonse tinaseka, ngakhale agogo.

Tinafika pa Masasa, pamene msewu wa Khwekhwerere umayambira kutsikira ku Golomoti, kuli kachisisira. Msewuwo ndi wokhotakhota ngati njoka, ndipo woyendetsa ayenera kutsika ndi giya yaing'ono kuti mabuleki asapse. Pa kona ina tinaima. Kutali kum'mawa, kupitirira chigwa, kunali mzere wotuwa umene sunali mtambo kapena phiri. Wachisamba anafunsa, "Ndi imeneyo?" Tinati ndi imeneyo. Palibe anayankhulanso. Kumunsi kunali kofunda, ndipo nyali za galimoto zinkaunika milambe ndi migwalangwa. Tinalowa mu Monkey Bay usiku, ana ali mtulo, fungo la usipa lili ponseponse.

Pa doko

Lachisanu tinadzuka kusanache kukagula matikiti. Ilala inali itaima pa doko, yoyera, yotalika mamita oposa 50. Kwa ana athu inali ngati sukulu yosanja yoyandama. Koma tinaona msanga kuti sitimayi si ya alendo oona malo okha. Anthu ankakweza matumba a chimanga ndi simenti, malata, njinga, makatoni a sopo ndi madengu a nkhuku. Kwa anthu a pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndi a m'midzi ngati Usisya ndi Ruarwe kumene misewu ndi yovuta, sitimayi ndiyo basi yawo ndi lole yawo. Ife oyendera kusangalala tinali ochepa pakati pa anthu oyendera moyo.

Tikudikira, tinawafotokozera ana mbiri yake. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo idabwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira. Ana anakondwa kumva kuti sitimayi idayamba yadutsa m'dziko lawo isanaone nyanja. Dzina lake lidachokera ku sitima ina yaing'ono imene amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, adabwera nayo kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire adaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana adaisenza pamutu mpaka kumtunda. Idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo amishoniwo adamanga pa Cape Maclear, kuseri kwa mapiri a Monkey Bay, asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Ilala ndi dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalira mu 1873. Motero sitima imodzi yanyamula mbiri ya mayiko onse atatu amene tinadutsa.

Nthawi yokwera itakwana, agogo anaima pamlatho wolowera, nayang'ana madzi obiriwira pansi pake. Anthu ankatikankha kumbuyo. Tinaganiza kuti abwerera, ndipo tinali titagwirizana kale kuti akakana, mmodzi wa ife atsala nawo. Mzime anawagwira dzanja nati, "Agogo, tiyeni, ine ndikugwirani." Iwo anamanga chitenje mwamphamvu, nalowa.

Huta inalira, zingwe zinamasulidwa, ndipo mapiri a Monkey Bay anayamba kubwerera m'mbuyo. Nkhwazi inalira pamwamba pa miyala, asodzi m'mabwato awo natiimikira manja. Titatuluka m'gombe, mphepo ya mwera imene imawomba miyezi yozizira inayamba kugwedeza sitima, ndipo kumpoto kunalibe china koma madzi ndi thambo. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Wachisamba anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenaka analemba m'kope lake kuti tsidya silioneka.

Agogo anakhala pa benchi, manja atagwira chitsulo. Titawafunsa ngati akuopa, anati akuopa ndithu. Kenaka anawonjezera kuti, "Ana anga, ndakalamba chonchi, ulendo uno ndi woyamba kuchoka pakhomo popanda chondithamangitsa. Sindikuthawa, sindikupita ku maliro, sindikupita kuchipatala. Ndikungopita kukaona." Mawu amenewa anatiyankha funso limene linkativutitsa kuyambira tsiku limene anansi anatilangiza za malata.

Zimene tinabwera nazo

Tsiku lotsatira tinatsika pa Likoma, ndipo tinaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a Anglican adayamba kumanga mu 1903. Kum'mawa kwa chilumbacho, pafupi kwambiri, kunali mapiri. Titafunsa, anatiuza kuti kumeneko ndi ku Cóbuè, m'chigawo cha Niassa. Mnyamata wathu anagwira m'mutu nati, "Mozambique yatitsatiranso!" Zimene tinaona pa chilumbacho ndi pobwerera ndi nkhani ya tsiku lina.

Tinabwerera ku Chifunde m'thumba muli mbee, ndipo malata aja tinadzagula chaka chotsatira. Sitikunena kuti banja lililonse likakwere Ilala, pakuti si onse angathe, ndipo sibwino kugulitsa chakudya cha ana chifukwa cha ulendo. Koma amene mungathe, ngakhale kukafika ku Cahora Bassa, ku Senga Bay kapena kumudzi kumene makolo anu adachokera, tengani ana ndipo musasiye agogo awo. Onjezerani tsiku limodzi pa masiku amene mwawerengera, chifukwa galimoto silonjeza. Nyamulani lamba wa injini wapadera, madzi akumwa ndi kope la mwana aliyense. Ndipo galimoto ikafa, musafulumire kudandaula kuti ulendo waonongeka.

Kope la mwana wathu likadalipo. Muli mayina a malo kuyambira Cassacatiza mpaka Likoma, olembedwa mokhotakhota chifukwa cha mabampu. Pakati pa Katete ndi Chipata pali mzere umene si dzina la malo. Iye analemba kuti: kuno kuli azakhali athu. Pobwerera tinaimanso pa kamudzi kaja, ndipo agogo anatsika ndi usipa wouma umene anagulira mbale wawo Naphiri.